Phazi la Mayi Thorburn

Glenys Harrap anabadwira ku Tallimbra, tauni ya tirigu ndi nkhosa chakumadzulo kwa Victoria, kumene dziko ndi lathyathyathya moti sitima umaiona ikubwera, n'kuteleka tiyi, n'kumwa, iyo isanafike pa siteshoni. Bambo ake, a Mervyn, anali ometa nkhosa. M'miyezi yozizira, ntchito yometa ikatha, ankasamalira bwalo la gofu la kalabu ya m'tauniyo. Kapinga kunalibe masiku amenewo. Kuzungulira dzenje lililonse kunali mchenga wothira oyilo wakutha wa m'mathirakitala, ndipo ntchito ya a Mervyn inali kuusalaza ndi kupirikitsa nkhosa za eni ake zikadumpha waya.

Ndodo ya gofu yoyamba ya Glenys inavuulidwa m'damu, momwe bwana wina anaiponya atapsa mtima. A Mervyn anaidula kuti ifanane ndi msinkhu wa mwana. Pofika zaka makumi awiri, mtsikanayo ankamenya mpira kutali kuposa amuna ambiri a m'kalabumo, ndipo amunawo ankati n'chifukwa cha mikono yokanda ufa, poti ankagwira ntchito ku bekale ya pa msewu waukulu.

Azimayi sankawerengedwa ngati mamembala enieni. Tsiku lawo linali Lachitatu, ndipo Loweruka ankangobwera ndi masikono ndi makeke oti amuna adye akamaliza kusewera. Koma kagulu kawoko kanali ndi mfumu yakeyake, Mayi Winsome Thorburn, akazi a munthu amene ankagulitsa mathirakitala m'boma lonselo. Mayi Thorburn ankavala nsapato zoyera zimene fumbi la ku Tallimbra linkaoneka ngati likuziopa. Anali ndi mwana mmodzi, Rosalind, wofatsa, wosewera bwino ndithu, amene tsoka lake linali kubadwa chaka chimodzi ndi Glenys.

Mu 1962 Glenys anatenga chikho cha azimayi kachitatu kotsatizana, ndipo katatu konseko womaliza kugonja anali Rosalind. Chaka chomwecho akuluakulu a masewerawa ku Melbourne ananena kuti asankha mtsikana mmodzi wa m'bomalo kuti akasewere nawo mpikisano waukulu kumeneko. Panalibe wofunsa kuti apita ndani. Glenys anali atasoketsa kale siketi.

Kunali mlimi wina, a Nuske, amene akazi awo ankati akamenya mpira unkakhotera m'munda wa tirigu nthawi zonse. Glenys anawaona tsiku lina, anawamvera chisoni, n'kuwasonyeza kagwiridwe ka ndodo madzulo angapo. Mpira unawongoka. A Nuske, posowa chothokozera, anapha nkhosa n'kubweretsa mwendo wathunthu kwa a Harrap. A Mervyn anaona kuti nyama yotere siyodya okha, ndipo poti banja la Thorburn linali litalonjeza kudzaperekeza Glenys ku Melbourne pa galimoto, analiitana Lamulungu. Mayi Thorburn anadya, anayamikira, anafunsa kuti nyama yofewa chonchi agula kuti. A Mervyn, monyadira mwana wawo, anafotokoza nkhani yonse, mpaka kutsanzira mmene mpira wa Mayi Nuske unkakhotera.

Sabata isanathe Glenys anaitanidwa ku komiti ya azimayi. Anamuuza kuti malamulo a gofu ndi omveka: munthu wolandira malipiro chifukwa chophunzitsa ndi wosewera waganyu, ndipo sangapikisane ndi anthu ongosewera chifukwa chokonda. Nkhani inali itatumizidwa kale ku Melbourne.

"Nyama ndi malipiro, mwanawe," anatero Mayi Thorburn. "Malamulowa sindinalembe ndine."

"Koma munadya nawo."

"Ndinadya ndisakudziwa."

"Munafunsa, bambo anakuuzani, kenako munawonjezera nyama ndi mbatata."

Azimayi ena a m'komitimo anayang'ana m'makapu mwawo. Ku Melbourne kunapita Rosalind, ndipo anagonja tsiku loyamba lomwelo.

Njira yobwerera inalipo. Akanapepesa, n'kulonjeza kuti sadzachitanso, akanadikira zaka ziwiri n'kuloledwanso. A Mervyn, amene anasiya ntchito ya pabwalo chifukwa cha manyazi a pakamwa pawo, anamupempha mwana wawo mochita kugwada. Glenys anati sakuona chopepesa, ndipo akapepesa ndiye kuti mayi aja adya kawiri. Mwamuna akanatchedwa waganyu akanalowa gulu la amuna olipidwa n'kumazungulira dziko. Kwa mkazi gulu lotere kunalibe. Glenys anasanduka mleme, kwa mbalame ayi, kwa mbewa ayi.

Anakwatiwa ndi Des Quilty, woyendetsa lole ya tirigu, munthu woseka msanga ndi woiwala msanga. Des ankaganiza kuti ukwati ndi ana awiri zimuiwalitsa gofu mkazi wake. Analakwitsa. Munda wa a Nuske unkachita malire ndi bwalo la gofu, ndipo a Nuske, amene ankadziona ngati mwini tsoka lonselo, anamulola Glenys kusewereramo mmene angafunire. Iye anasankha Lachitatu. Azimayi a kalabu akamadutsa m'mbali mwa waya ankamupeza ataima tsidya linalo ndi ndowa ya mipira. Ankadikira kuti Mayi Thorburn amenye kampira kawo kokwawa, ndiye iye n'kumenya wake, n'kuuona ukuzimiririka m'mwamba. Moni sankapereka, ndipo sankayang'ana aliyense.

Izi zinamukoma chaka chimodzi chokha, kenako anaona kuti n'zochepa. Anati popeza amutcha waganyu, ganyuyo aigwira poyera. Anayamba kuphunzitsa, n'kumalandira mazira, nkhuku, uchi, chilichonse. Koma sankaphunzitsa aliyense. Ankasankha mkazi amene ankaoneka kuti angafike pokumana ndi Rosalind pa mpikisano wa chikho, n'kumukhalira m'khosi nyengo yonse yozizira. Chaka china anasula mkazi wa wapolisi. Chaka china mphunzitsi wa sukulu wochokera ku Ballarat, amene anabwera asanagwirepo ndodo bwinobwino. Ankawauzanso pamene Rosalind ankafooka: kuti akaphonya kampira kafupi kamodzi manja ake amayamba kunjenjemera, choncho asamamukhululukire ngakhale kampira kotsala chala chimodzi kuti kalowe, azimumenyetsa ndithu. Chikho chija, chimene Mayi Thorburn ankachipukuta okha chaka ndi chaka, sichinalowe m'nyumba mwawo ngakhale kamodzi.

Tsiku lina Rosalind analowa m'bekale muja mulibe anthu. Anagula buledi, anafika pakhomo, n'kubwerera.

"Glenys, ine ndinakulakwira chiyani?"

"Unapita ku Melbourne."

"Ndikanatani? Ndi mayi anga."

"Ukanadwala. Anthu amadwala."

A Mervyn anamwalira mu 1968. Ali gone anamugwira dzanja mwana wawo n'kumuuza kuti azisiye, chifukwa chakukhosi chimadya mwini wake. Glenys anavomera kuti nkhalambayo ipite ndi mtendere. Pa tsiku la maliro Mayi Thorburn anatumiza keke wamkulu wa zipatso. Glenys anamulandira ndi manja awiri, anazungulira naye kuseri kwa nyumba, n'kupatsa agalu a Des.

Nkhani yoti azimayi nawonso akhala ndi gulu lawo la osewera olipidwa inamupeza ali ndi zaka makumi atatu. Mu 1973 mipikisano itayamba, analembetsa. Ana anawasiya kwa mlongo wake wa Des, n'kumangirira ngolo yogonamo kumbuyo kwa galimoto yakale, n'kuyamba kutsatira anzake m'matauni. Sizinamuyendere monga ankalotera. Panali atsikana ang'onoang'ono amene anakulira pa kapinga, pomwe iye ankadziwa mchenga ndi ziputu za tirigu. Kumenya kutali ankawaposa, koma akafika pafupi ndi dzenje mpira unkamuthawa ngati sopo. Ankamaliza chapakati, nthawi zina kumunsi, n'kumadya nyemba za m'chitini m'ngolo muja mvula ikugogoda denga. Zaka zake zabwino zinali zitathera m'munda wa a Nuske, ndipo Lamulungu lililonse akamapakira ndodo zake ankadziwa bwino amene anadya zakazo.

Chaka chomwecho madzi a m'mipope anafika pa bwalo la ku Tallimbra, ndipo kalabu inadzala kapinga. Amuna a komiti anafuna kutsegulira bwalo latsopanolo ndi akatswiri aamuna, koma akatswiriwo sanayankhe. Anaitana azimayi olipidwa aja. Anakonza zoti wolipidwa aliyense asewere ndi membala mmodzi wa kalabu, awiriwo mpira umodzi, kumenya mosinthana, ndipo awiri opambana alandire chikho chatsopano chasiliva.

Glenys atamva kaseweredweko, anaimba foni kunyumba kwa a Thorburn. Analankhula motsitsa mawu. Anati zaka zapita, bambo ake anamusiyira mawu oti akhululuke, ndipo chimene chingamusangalatse n'kusewera ndi mayiwo pa tsiku lalikululo. Mayi Thorburn, amene tsopano anali ndi imvi ndipo anali asanagwirepo chikho chopambana ndi manja awoawo, analengeza tauni yonse kuti mwana uja wakhwima nzeru. Des yekha ndiye sanakhulupirire. Anamufunsa mkazi wake chimene akuphika, ndipo Glenys anamuuza kuti azingonyamula thumba la ndodo.

Panali chinthu chimodzi chimene mkazi aliyense wa m'kalabumo ankachidziwa koma osachitchula. Mpira wa Mayi Thorburn ukagwera pa udzu wautali kapena patsinde pa mtengo, mayiwo ankafika msanga, n'kuima ngati akuganiza, ndipo phazi lawo linkaukankhira pabwino. Pa gofu palibe tchimo loposa limeneli. Munthu akhoza kutukwana, kuledzera, kuthawa ndi mkazi wa mnzake, anthu n'kumasewera naye ndithu. Koma wosuntha mpira dzina lake limafa iye ali moyo. Azimayi a Lachitatu ankangoyang'ana kumwamba, chifukwa amuna awo onse anali ndi mathirakitala ofuna zipangizo za kwa a Thorburn.

Tsikulo linali la mu Okutobala, kotentha pang'ono, ntchentche zili ponseponse. Tauni yonse inabwera, ngakhale anthu amene sankadziwa kuti ndodo imagwiridwa kuti. Glenys anawapatsa moni Mayi Thorburn mwaulemu, anayamikira chipewa chawo, anawasankhira ndodo. Ankayenda limodzi ndi awiri ena: Lorraine Petch, wolipidwa mnzake wa ku Queensland, ndi wogulitsa mankhwala wa m'tauniyo.

Maenje oyamba anali pafupi ndi anthu, ndipo Glenys ankauika mpira pakati penipeni, poyera, kuti mayiwo angoukankha. Anthu ankaomba m'manja. Atafika kumapeto kwa bwalo, kumene kuli mzere wa mitengo ya bulugamu ndipo oonerera safikako, Glenys anamenya mpira umene unakhota pang'onopang'ono n'kukagona pakati pa mizu iwiri.

"Pepani, Mayi Thorburn, dzanja laterereka."

"Zimachitika, mwanawe."

Glenys anatsalira m'mbuyo, anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kusuzumira kunsi kwa mkono. Mayiwo anafika pamtengo, anaima, anayang'ana uku ndi uku. Nsapato yoyera inasuntha pang'ono chabe, ngati ikuthamangitsa nyerere, ndipo mpira unatuluka m'mizu. Glenys anamva kukoma kumene anali asanakumvepo ngakhale tsiku la ukwati wake.

Anawatchera kawiri kenanso, pa udzu wautali ndi kuseri kwa chitsa, ndipo kawiri konseko phazi linagwira ntchito yake. Ulendo wachitatu Lorraine anaona. Anamuyandikira Glenys n'kumunong'oneza kuti anene pompo, monga malamulo amafunira. Glenys anamuuza kuti asunge zimene waonazo, adzazifuna madzulo.

Tsopano panatsala ntchito yovuta, yoti apambane, chifukwa munthu wogwa ali pansi kale sathyoka. Glenys anasewera gofu imene sanaisewerepo n'kale lonse ndipo sanadzaisewerenso. Mayi Thorburn akaukwawitsa mpira, iye ankaunyamula n'kukauika pakamwa pa dzenje. Kapinga amene anamuzunza chaka chonse tsiku limenelo ankamumvera ngati galu wapakhomo. Pa dzenje lomaliza, anthu atazungulira, mayiwo anausiya mpira kutali kwambiri chifukwa cha mantha. Glenys sanachedwe nawo. Anaugunda, unayenda, unakhota, unazengereza pamlomo, n'kugwera. Des, thumba lili paphewa, anafuula limodzi ndi anthu onse, ataiwala kuti amamudziwa mkazi wake.

Mphoto zinaperekedwa m'holo ya kalabu dzuwa likupendeka, pakati pa tiyi, mowa ndi makeke a kokonati. Mayi Thorburn analandira chikho misozi ili m'maso. Anati tsiku limeneli lawaphunzitsa kuti zakale ndi zakale, ndipo nthawi zonse ankamutenga Glenys ngati mwana wawo. Anamupatsira chokuzira mawu.

Glenys anadikira kuti m'manja muthe.

"Chikho ichi sitingalandire," anatero. "Mnzangayu wasuntha mpira ndi phazi katatu lero: pa mizu ya bulugamu, pa udzu wa kudamu, ndi pa chitsa. Lorraine, nena ngati ndikunama."

Lorraine, nkhope ili gwa, anati kamodzi anaona ndithu.

A Thorburn aamuna anaimirira n'kunena kuti limeneli ndi bodza la munthu wanjiru, ndipo akazi awo asewera pa bwaloli zaka makumi atatu popanda wowadandaula. Glenys anatembenukira ku matebulo a azimayi.

"Chabwino. Mayi aliyense wa Lachitatu amene sanaonepo phazi limeneli likugwira ntchito, aimirire awateteze."

Palibe anaimirira. Kumbuyo wina anaseka kamodzi, n'kudzitseka pakamwa. Rosalind anali atakhala kutsogolo, ndipo nayenso sanaimirire, anangoyang'ana manja ake. Mayi Thorburn anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira wina aliyense. Kenako anaika chikho patebulo mosamala, ngati chingasweke, n'kufunafuna chikwama chawo chimene chinali kale pamkono.

"Pepani, Mayi Thorburn," anatero Glenys, chokuzira mawu chikadali pakamwa. "Malamulowa sindinalembe ndine."

Rosalind anamupeza panja akupakira ndodo m'galimoto. Sanakalipe. Anati mayi ake ndi okalamba, gofu ndi chokhacho chimene anali nacho, ndipo Glenys akanatha kuwauza paokha. Anawonjeza kuti iye mwini gofu sanaikondepo, ankangosewera chifukwa cha mayi akewo, ndipo zaka zonsezi Glenys wakhala akumenya munthu amene sankafuna n'komwe kupambana. Glenys anatseka buti n'kumuuza kuti zimenezo akanazinena kalekale, pamaso pa komiti.

Chilango chake chinabwera msanga. Akuluakulu a gulu la olipidwa anamuimitsa mpaka kutha kwa chaka, ponena kuti anaona cholakwa n'kuchisunga dala, ndiponso kuti gulu longobadwa kumene silingamachititse manyazi anthu oliitana. Lorraine, amene chikho chinagwera kwa iye ndi wogulitsa mankhwala uja, sanamulankhulenso. Ku Tallimbra azimayi omwe aja anakana kuimirira ndiwo anamuda kwambiri, chifukwa anawavula nawo limodzi. Pa nthawi yokolola, alimi amene ankapatsa Des tirigu woti anyamule anayamba kupeza malole ena. Chaka chotsatira banjalo linasamukira ku Geelong.

Mayi Thorburn anatula pansi udindo sabata yomweyo ndipo sanapondenso pa bwalo. Ankapezeka kutchalitchi kokha, n'kumatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Glenys anasewera mipikisano zaka zina ziwiri osapambana ngakhale umodzi, kenako anapeza ntchito yophunzitsa pa bwalo la boma la m'mphepete mwa mzinda, kumene amuna ogwira ntchito m'mafakitale ankabwera ataweruka. Anali mphunzitsi wabwino, wosanyengerera, ndipo ana a sukulu osauka ankawaphunzitsa ulere. Nkhani ya ku Tallimbra ankaifotokozera aliyense woifunsa, osachotsapo kanthu, ndipo akafika pa nsapato yoyera maso ake ankawala.

Des ndiye ankapukwa kwawo. Uthenga wa imfa ya Mayi Thorburn utafika mu 1981, iye anati apita kumaliro, chifukwa a Thorburn aamuna anamuthandizapo lole itafa pakati pa zokolola, komanso ankafuna kukaona anzake akale. Glenys sanamuletse. Anamusitira malaya oyera, anamupangira masangweji a panjira, iye n'kupita kuntchito monga mwa masiku onse.

Des anabwera tsiku lotsatira, atatopa, nsapato zili fumbi. Anafotokoza za anthu amene akalamba, za bekale imene inasanduka sitolo ya mavidiyo, za Rosalind amene anamupatsa moni bwinobwino ndipo tsopano amaweta mahatchi. Glenys ankamvetsera akusenda mbatata.

"M'tchalitchi munali anthu?" anafunsa.

"Munadzaza. Ena anaima panja."

"Azimayi a Lachitatu?"

"Onse. Anachita kupanga mzere pakhomo, ndodo zili m'mwamba, bokosi likudutsa."

Glenys anasenda mbatata ina mpaka kuimaliza, anaiponya m'madzi, n'kutenga ina.

"Ndiye kuti sindinamenye mokwanira," anatero.